Tsabola, Mchere ndi Toniki: Nkhani za pa Nthawi ya Tiyi

Pamene nthawi ya 10 koloko yakwana, ndipo akalaliki ndi aziphunzitsi atula zolembera zao kuti amwe tiyi, nkhani imene imabuka siikhala ya malipiro yokha ai. Amakambanso za ndiwo zimene anadya dzulo, za tsabola amene anawagwetsa misozi, ndi za chakumwa chimene analawa ku phwando Loweruka. Nkhani zotere zimaoneka ngati zongotayira nthawi, koma tikumbukire kuti mau a mphunzitsi ndi a munthu wa m'Boma amafika kutali. Chimene iye wanena mocheza, kumudzi chimakalandiridwa monga choonadi. Chotero nkoyenera kuti zina mwa nkhanizi tiziyese.

Mkangano umene sukutha ndiwo wa kwao kwa tsabola. Ena amati ndi wa makolo athu kuyambira kalekale, ena amati anadza ndi Amwenye a masitolo. Onsewa aphonya. Tsabola kwao ndi ku America, ndipo anthu a maiko ena sanamdziwe kufikira Columbus ataoloka nyanja m'chaka cha 1492. Apwitikizi ndiwo anamnyamula m'zombo zao, namfikitsa ku magombe a Africa ndi ku India komwe. Popeza iwo anakhazikika ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, m'zaka za m'ma 1530, sitidabwa kuti mbeu zachilendo zinapeza njira yofikira kuno. Chimanga, chinangwa, matimati ndi mtedza nazonso nzochokera ku America. Ndiye kuti nsima ya chimanga ndi nkhwani wotendera, zimene timazitcha chakudya chathu chenicheni, zili ndi alendo m'katimo. Makolo akale ankadalira mapira ndi mawere. Komatu izi sizichepetsa ulemu wa chakudyacho, pakuti amene anasinja mtedzawo nkuuthira m'masamba anali amai a kuno.

Palinso chizolowezi chothamangira madzi pamene kambuzi walusa m'kamwa. Madzi sathandiza kwenikweni, chifukwa chimene chimawawa mu tsabola sichisungunuka m'madzi koma m'mafuta. Mkaka ndiwo umaziziritsa msanga. Ndiponso ukali wambiri sukhala m'njere monga ambiri amaganizira, koma m'kachikopa koyera kamene njerezo zimamatirirapo. Wophika amene afuna fungo la kambuzi popanda kuliza ana achotse kachikopako. Kuti tsabola ndi chuma, taziona ndi kampani ya Nali, imene inayamba kumuika m'mabotolo m'zaka za m'ma 1970, ndi chenjezo lija lodziwika lakuti abale asamale.

Koma nkhani yaikulu, imene siikambidwa mokwanira pa tiyi, ndi ya mchere. M'nyumba zambiri za anthu olandira malipiro pamwezi, mphika wa ndiwo tsopano umalandira mchere kawiri: wa m'paketi, ndiponso wobisika m'timibulu tokometsera ndiwo togula m'sitolo, timene mbali yake yaikulu ndi mchere womwewo. Mbale ikafika pa tebulo, abambo amawazanso wina asanalawe nkomwe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiko kuti pafupifupi supuni yaing'ono imodzi ya tiyi, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungweli m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka a iwo sankadziwa. Nthendayi siilira ng'oma pobwera. Imagwetsa munthu ali pa desiki, kapena ali ndi choko m'manja.

Boma linachita bwino polamula kuti mchere wogulitsidwa uzikhala ndi ayodini, amene amateteza ku chotupa cha pakhosi chija timati chithokomiro. Koma lamulolo likunena za mtundu wa mchere, silikutiuza kuti tiuchulukitse. Anyezi wokazingidwa bwino, adyo, ndimu, matimati akupsa ndi nsinjiro zimakometsa ndiwo kotero kuti mchere wochepa umakwanira. Apa tisakometsere zonse zakale: chidulo ndi soda zimafewetsadi therere ndi masamba, koma zikachuluka zimaononga zina mwa zofunika m'thupi zimene tinafuna kupeza m'masambamo.

Tsono tifike ku zakumwa. Pa maphwando a akuluakulu kumamveka nthabwala yakuti jini wosakaniza ndi toniki amateteza ku malungo, ndipo ena aileka kuiyesa nthabwala. Muzu wake ulipo. Kuwawa kwa toniki kumachokera ku kwinini, mankhwala a m'khungwa la mtengo wa cinchona wa ku mapiri a Andes, amene akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, anawapatula m'chaka cha 1820. Azungu oyamba kufika kuno ankaudalira kwambiri. Bishopu Mackenzie anamwalira ndi malungo m'mwezi wa January 1862, pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, bwato litagubuduzika ndi kumiza mankhwala ake. Koma toniki wa m'mabotolo a masiku ano ali ndi kwinini wochepa zedi, wongopatsa kakomedwe basi. Sangaletse malungo, ndipo jiniyo saonjezerapo kanthu koma kuiwalitsa munthu kutsitsa neti pogona.

Amene safuna kuledzera amakonda kuitanitsa Malawi shandy, chosakaniza cha zakumwa zoziziritsa kukhosi za jinja ndi za mandimu, ndi madontho angapo a Angostura bitters. Dzina la madonthowa ndi la mzinda wa ku Venezuela, kumene dokotala wa ku Germany, Johann Siegert, anayamba kuwapanga m'chaka cha 1824 monga mankhwala a m'mimba. Akulu a mpingo ndi onse amene analumbira kusalawa mowa adziwe kuti m'kabotolo kameneko muli mowa waukali woposa magawo 40 pa 100, ngakhale kuti madontho atatu kapena anai m'tambula yaikulu sangazunguze munthu mutu.