Digiri ya zaumoyo wa anthu osasiya ntchito

Anamwino ndi ogwira ntchito m'zipatala amandifunsa kawirikawiri ngati munthu angaphunzire digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu ali pakhomo. Ndimawauza kuti n'zotheka, ndipo njirayi ndi yakale: University of London inayamba kupereka madigiri kwa ophunzira akutali mu 1858.

Lero sukulu yake ya London School of Hygiene & Tropical Medicine imaphunzitsa digiriyi pa intaneti. Mumayamba ndi maphunziro a maziko: kafalidwe ka matenda, masamu a ziwerengero, chuma cha zaumoyo ndi kachitidwe ka kafukufuku. Mutha kulekeza pa satifiketi kapena dipuloma, kapena kupitiriza mpaka masitazi, yomwe imatenga zaka 2 mpaka 5.

Chimene ndimaikondera njirayi n'chakuti zimene mwawerenga usiku mumazigwiritsa ntchito m'mawa. Kaundula wa odwala pachipatala chanu amayamba kukuuzani mudzi umene matenda otsegula m'mimba akuchokera ndi chitsime choyenera kuchiyeza. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, anationetsa kuti anthu a luso limeneli tikuwasowa m'maboma.

Koma musalowe m'chimbulimbuli. Fizi imalipiridwa m'mapaundi, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo unakwera kwambiri. Magetsi amazima, bandulo imatha, ana akufuna nsima, inu muli ndi mayeso. Koperani mabuku onse netiweki ikakhala bwino, pezani mnzanu wowerenga naye, ndipo musanalipire tambala funsani ku National Council for Higher Education ngati digiri ya sukuluyo ndi yovomerezeka.