Kusintha injini pakhomo ku Kafue: pamene mabvuto amabukira ndi mmene eni magalimoto amathandizirana

KAFUE – M'makomboni a tauni ya Kafue, monga Shikoswe, Zambia Compound ndi Nangongwe, si cacilendo kuona galimoto itaima pabwalo la nyumba, boneti itacotsedwa, injini ikulendewera pa cheni, amuna atatu kapena anayi ataizungulira. Eni magalimoto ena amasinthira injini pakhomo cifukwa ndalama zonse zimakhala zitathera pa kugula injiniyo. Nthawi zina galimotoyo ndi takisi, kapena minibasi ya pa mseu wa Kafue ndi Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45, ndipo ndalama zogulira injini zimacokera ku cilimba kapena ku ngongole. Tsiku lililonse limene galimotoyo yagona pabwalo, banja limasowa ya unga pamene ngongole ikuyembekeza.

Kutulutsa injini yakale ndi kulowetsa ina ndi nchito ya tsiku limodzi kapena awiri. Cimene cimagoneka galimoto masabata ndi malo amene injini imakumana ndi galimoto: pa zomangira, pa giyabokosi, pa nthambo za magetsi, pa mapaipi a madzi, ndiponso pa mapepala a boma. Pa malo amenewa ndi pamene thandizo la anzake a mwini galimoto limaoneka phindu lake.

Kumene mainjini acokera

Magalimoto ambiri a m'Zambia anayamba agwirapo nchito ku Japan, dziko limene nalonso limayendetsa kumanzere kwa mseu. Kumeneko galimoto yatsopano imapimidwa mwalamulo ikakwanitsa zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo mtengo wake umacititsa ena kugulitsa magalimoto akali olimba. Ena amatumizidwa kunja athunthu, ena amadulidwa ndi kugulitsidwa zidutswa. Katunduyu amafika m'Zambia kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi malire a Nakonde, kapena pa doko la Durban ndi malire a Chirundu, mseu umene umapita pakati pa Kafue weniweni.

M'masitolo a mu Lusaka injini imagulitsidwa payokha, kapena pamodzi ndi mbali yonse yakutsogolo ya galimoto, imene amakanika amaicha half cut. Half cut ndi yodula, koma imabwera ndi nthambo, kompyuta, giyabokosi ndi rediyeta zimene zinali kugwirira nchito pamodzi. Injini yapayokha ndi yochipa, koma siinena makilomita amene yayenda. N'cifukwa cake wogula wanzeru sapita yekha. Mnzake wodziwa amazungulitsa injini ndi sipanala kuti amve ngati siinaume, amasuzumira pansi pa cotsekera oilo kuti aone ngati mulibe phala lakuda kapena loyera ngati mkaka, amamasula mapulagi ndi kuona mtundu wake, ndiponso amawerenga nambala yodindidwa pa thupi la injini. Nambala imeneyo iyenera kulembedwa pa risiti, pamodzi ndi masiku amene wogulitsa wabvomera kulandiranso injiniyo ikapezeka yoonongeka.

Luso limene tauniyi ili nalo

Kafue inakula ndi mafakitale kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, pamene Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles zinasonkhanitsa amisiri a makina, ooca zitsulo ndi a zamagetsi. Fakitale ya nsalu itaima ndipo nchito zitacepa ku fakitale ya feteleza, luso la amisiriwo silinacoke m'tauniyi. Conco pabwalo posinthira injini pamakumana anthu osiyana. Pamakhala bambo wacikulire wozolowera zoyezera ndi kumanga mabauti mwa muyeso wake, dalaivala wa minibasi wodziwa kulira kwa dizilo, ndi mnyamata wa zamagetsi wonyamula kamakina kopimira nthambo. Palibe mmodzi wa iwo adziwa zonse. Mutu umodzi susenza denga.

Thandizo loyamba ndi la citetezo. Injini ya petulo ya Toyota Corolla imalemera makilogiramu pafupifupi 100, ndipo ya dizilo ya Hiace imaposa 200. Nthambi ya mtengo wa mango ingathyoke popanda cenjezo, ndipo njerwa zimaphwanyika pansi pa galimoto. Anzake amabwereka cheni buloko ndi miyendo itatu yacitsulo, amaika galimoto pa zocirikiza zacitsulo kapena pa matabwa ocindikala, osati pa jeke yokha, ndipo mmodzi yekha ndiye amalamula pokweza ndi potsitsa. Batiri imacotsedwa nchito isanayambe, ndipo mbaula ndi fodya zimakhala kutali ndi petulo.

Pamene injini ikana kukhala

Amakanika odziwa salowetsa injini yogulidwayo tsiku limene yafika. Amaiika pansi pafupi ndi yakale ndi kuziyerekeza mbali ndi mbali. Mainjini awiri a dzina limodzi angasiyane malinga ndi galimoto imene anacokamo. Sampu ya ina imakhala yakuya kutsogolo, ya ina kumbuyo, ndipo yolakwika imagunda citsulo copingasa ca pansi pa galimoto. Mankhwala ake ndi kusamutsa sampu yakale pamodzi ndi kapaipi kake kokokera oilo. Cimodzimodzi ndi zitsulo zomangira injini, manifodi ndi masensa: zakale zimene zikali bwino zimasamukira pa injini yatsopano, cifukwa ndizo zimagwirizana ndi galimotoyo.

Mainjini a banja limodzi sabvuta kwambiri. Dizilo ya 3L ya malita 2.8 ndi 5L ya malita 3.0 zimakhala pa zomangira zofanana mu Hiace, ngakhale kuti 5L-E ili ndi pampu yolamulidwa ndi kompyuta ndipo siilira popanda kompyutayo. Koma 5A-FE ya m'ma Corolla a zaka za m'ma 1990 ndi 1NZ-FE ya m'ma Corolla oyambira mu 2000, ngakhale zonse zili za malita 1.5, ndi zosiyana kotheratu. Yoyambayo ili ndi lamba wa timing ndi distributor, ndipo utsi umatulukira kutsogolo. Yaciwiriyo ili ndi cheni, koyilo pa pulagi iliyonse, ndipo utsi umatulukira kumbuyo. Woika ina m'malo mwa inzake amakhala atayamba nchito yomanganso galimoto.

Pa giyabokosi ndi pamene ndalama zambiri zimatayika. Injini yocokera m'galimoto ya otomatiki imabwera ndi cimbale copyapyala kumbuyo, pamene ya magiya apamanja imafuna flywheel yolemera yogwirapo kilachi. Pa otomatiki, torque converter iyenera kulowetsedwa kaye mu giyabokosi, ikuzungulitsidwa mpaka itakhala pansi penipeni, injini isanayandikire. Pakatsala mpata pakati pa injini ndi giyabokosi, mpatawo sutsekedwa ndi mphamvu ya mabauti. Wocita tero amaswa pampu ya giyabokosi, ndipo galimoto imalira bwino koma osasuntha.

Injini ikali pansi ndi nthawi yabwino yosintha zinthu zobvuta kufikira ikalowa: lamba wa timing, amene pa mainjini ambiri a Toyota amasinthidwa pa makilomita 100,000, pampu ya madzi, kilachi, ndi silo yakumbuyo yochinga oilo. Lamba akaduka pa dizilo, mapisitoni amagunda mavavu ndipo ndalama zonse zija zimapita pacabe.

Pamene yalowa koma siilira

Ili ndilo bvuto limene limasonkhanitsa anthu ambiri ndi maganizo ambiri. Wina amati ndi pampu, wina amati ndi kompyuta, wina amafuna kudula nthambo. Thandizo lenileni ndi la munthu amene amabwezera dongosolo: kupima cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, kuyambira pa cochipa, ndi kubwezera pamalo ciliconse cimene capezeka cilibe mlandu.

Sitata ikangogogoda kapena kuzungulira mwaulesi, coyamba kuona ndi batiri ndi nthambo yaikulu ya ethi yolumikiza injini ku thupi la galimoto. Nthambo imeneyi imaiwalika kawirikawiri, ndipo popanda iyo magetsi amafuna njira m'tinthambo tating'ono ndi kutitentha. Sitata ikazungulira bwino koma injini osagwira, amapima mafuzi, kenaka moto pa mapulagi, kenaka ngati petulo ikufika. Pa mainjini a Toyota a masilinda anayi moto umatsata dongosolo la 1-3-4-2, ndipo nthambo ziwiri zosinthanitsidwa zimacititsa injini kuphulika ndi kunjenjemera. Mapaipi a petulo, yobweretsa ndi yobweza, nawonso amasinthanitsidwa mosadziwa. Pa dizilo mlandu umakhala wa mpweya wotsekeredwa m'mapaipi, umene umatulutsidwa popopa pa sefa ndi kumasula pang'ono mapaipi a pa manozo mpaka dizilo itatuluka yopanda thobvu.

Galimoto nayonso imatha kuchula bvuto lake. Pa ma Toyota a zaka za m'ma 1990 pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS pafupi ndi injini. Malo olembedwa TE1 ndi E1 akalumikizidwa ndi kanthambo, kiyi itatsegulidwa, nyali ya injini pa deshibodi imaphethira manambala. Ikaphethira kamodzi, kupuma, kenaka kawiri, ndiye 12, kutanthauza kuti kompyuta siikumva kuzungulira kwa injini. Nambala 22 ndi ya sensa ya kutentha kwa madzi, ndipo 41 ndi ya sensa ya pa thirotulo. Magalimoto atsopanoko ali ndi soketi ya mabowo 16 pansi pa siteringi, pamene amalumikiza makina owerengera.

Pali mabvuto ena amene sipanala siingathetse. Galimoto yokhala ndi immobiliser imafuna kuti kiyi ndi kompyuta zidziwane, ndipo kompyuta yacilendo imatseka moto kapena mafuta. Enanso amacotsa injini ya D-4 yochedwa 3S-FSE, imene inayamba kuikidwa mu Corona Premio mu 1996 ndipo imadziwika ndi bvuto la pampu ndi mwaye, ndi kuikamo 3S-FE. Maina ali pafupi, koma nthambo ndi kompyuta ziyenera kusinthidwa pamodzi ndi injini. Pa zotere anzake oona mtima amauza mwini galimoto kuti aitane katswiri wa magetsi a galimoto. Nthambo zimene zinajambulidwa pa foni ndi kulembedwa maina zisanamasulidwe zimafupikitsa nchito ya katswiriyo.

Pamene yalira koma itentha

Injini yakhala miyezi pa sitima ndi m'sitolo imakhala youma mkati. Isanalizidwe koyamba, amathira oilo ndi sefa yatsopano, amacotsa fuzi ya mafuta, ndi kuzungulitsa sitata pang'onopang'ono mpaka nyali ya oilo itazima. Nyaliyo ikakana kuzima injini italira, injini imazimitsidwa nthawi yomweyo.

Kutentha kumayamba kawirikawiri ndi mpweya wotsala m'mapaipi a madzi. Madzi amathiridwa mosathamanga, hita itatsegulidwa, mpaka thobvu litaleka. Amapimanso ngati fani ikuyamba payokha, ndiponso ngati rediyeta yakale siinatsekeke ndi dzimbiri, popeza mwina ndiyo inapha injini yoyamba. Pali cikhulupiriro cofala cakuti thermostat ndi ya maiko ozizira okha. Zoona zake n'zakuti pa mainjini ambiri a Toyota imatseguka pa madigiri pafupifupi 82, ndipo ikacotsedwa injini imacedwa kufunda, imadya mafuta ambiri ndi kutha msanga, pamene bvuto lenileni likali pomwepo.

Kuyesa kumayamba ndi maulendo afupi m'tauni, wina akuyang'ana pansi ngati pali codontha. Misewu yocoka ku Kafue ili ndi mayeso ake: zikwera za Munali pa mseu wa ku Mazabuka, ndi mapiri a pa mseu wa ku Chirundu. Injini imene yayenda bwino pa cidikha ingawire pa zikwera zimenezi m'mwezi wa Okutobala. Minibasi siyenera kunyamula anthu isanakwere phiri ili yopanda katundu.

Mapepala ndi oilo yakale

Nchito siitha injini ikalira. Nambala ya injini imalembedwa m'buku la umwini wa galimoto, lodziwika ndi dzina lakuti white book. Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu nambala 11 la mu 2002, ndilo limasunga kaundula wa magalimoto, ndipo liyenera kudziwitsidwa injini ikasinthidwa. Apolisi nawo amafufuza manambala pofuna kugwira katundu wakuba. Nambala ya pa injini ikasiyana ndi ya m'buku, bvuto limadzabuka popimitsa galimoto, poigulitsa, kapena popempha malipiro a inshuwalansi itacita ngozi. Risiti ija yokhala ndi nambala ndiyo mboni ya mwini galimoto, ndipo injini yokhala ndi nambala yopalidwa siyenera kugulidwa ngakhale itachipa motani.

Oilo yakale nayo ili ndi lamulo lake. Bungwe la ZEMA, lokhazikitsidwa ndi lamulo nambala 12 la mu 2011, limaiika m'gulu la zinyalala zoopsa. Ku Kafue nkhani imeneyi ndi yapafupi, cifukwa ngalande za m'tauniyi zimatsikira ku mtsinje wa Kafue, umene asodzi amadalira ndiponso pamene malo oyeretsera madzi a Iolanda amatunga madzi opita ku Lusaka. Oilo imasungidwa m'cigubu cotseka ndi kuperekedwa kwa ololedwa kuisonkhanitsa.

Injini yakale siigulitsidwa kwa ogula zitsulo mpaka yatsopano itayenda masabata angapo popanda bvuto. Pa iyo pamakhalabe masensa, mabauti ndi tizitsulo timene tingafunike mawa, kaya kwa mwini wake kapena kwa mnzake amene anabwereketsa cheni buloko.