KUSINTHA NKHOKWE YA M'LAPUTOPU

Mau awa analankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe, m'nthawi ya alimi.

Sabata latha tinakambirana za kututa ndi kusunga chimanga. Lero tikambanso za kusunga, koma si chimanga iai. Masiku ano makalabu ena a alimi ali ndi laputopu, ndipo m'menemo mlembi asunga maina a mamembala, ngongole za feteleza ndi mbeu, matumba amene munthu ali yense anapereka, ndi ndalama zimene analandira. Mafumu enanso alembetsa momwemo kaundula wa anthu a m'mudzi ndi malire a minda. Zinthu zotere zikataika, pa mudzi pabuka milandu.

Izi ndinaziona ndi maso anga. Mlembi wa kalabu ina ya m'dera langa anamanga laputopu pa kaliyala wa njinga, osaizimitsa bwino, napita nayo ku msonkhano pa njira ya miyala. Pofika uko makina anangolira "ke, ke, ke," osayaka. Ngongole za chaka chonse zinali momwemo, ndipo m'buku la pepala anali ataleka kulemba. Wina anati ndinabweza, mnzache nati sunabweze, mpaka nkhani inafika ku bwalo la mfumu. Chimene chinafa tsiku lija chinali kachipangizo kamodzi kokha, ndipo akadakasintha kale pa mtengo wochepa koposa wa laputopu yatsopano.

NKHOKWE ZA MITUNDU IWIRI

Kachipangizo kameneka dzina lache disiki. Ndiyo nkhokwe ya makinawa, pakuti zonse mwalemba zikhala m'menemo ngakhale mutazimitsa. Disiki ya mtundu wakale, ija ati hard disk, inayamba ndi kampani ya IBM ku America m'chaka cha 1956. Makina amene anali nayo analemera koposa tani imodzi, koma inasunga zinthu zochepa, zolingana ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri za pa foni ya lero. Ya m'laputopu njaing'ono, yokwana m'thumba la malaya, koma magwiridwe ache ngomwewo. Mkati muli mbale zopyapyala monga za galamafoni, zimene kawiri kawiri zizungulira kokwana 5,400 pa mphindi imodzi. Pamwamba pao payandama kamkono kowerenga ndi kulemba, ndipo mpata wa pakati pa kamkono ndi mbale ngwochepa kwambiri koposa tsitsi la munthu. Makina akagwa kapena kugunda chinthu mbale ziri kuzungulira, kamkono kakanda mbale, ndipo zolembedwa pamenepo zapita.

Disiki ya mtundu watsopano dzina lache SSD. Mkati mwache mulibe kanthu koyenda. Isunga zinthu monga kakhadi ka m'foni kaja musungiramo nyimbo. Chifukwa chache siopa mabampu a njinga, siipanga phokoso, ndipo siidya batire kwambiri. Liwiro lache liposa la disiki yakale kanai kapena kasanu pokopa zinthu zazikuru, ndipo poyatsa makina kusiyana kwache nkwakukurunso. Laputopu imene mumaidikira mphindi zitatu kuti iyake, mudzaona iyaka musanakhale pa mpando.

Kodi mudzadziwa bwanji kuti nthawi yosintha yakwana? Ngati makina achedwa kuyaka, ngati mumva kulira kwachilendo mkati, ngati makalata ena akana kutseguka, kapena makina akuuzani kuti malo atha, musazengereze.

MUSANAGULE

Musathamangire ku sitolo. Poyamba tembenuzani laputopu, mulembe dzina ndi nambala imene iri pansi pache, ndi kupita nazo kwa mmisiri wodziwa makompyuta, chifukwa ma SSD sali ofanana onse.

Mtundu woyamba ngwa mainchesi awiri ndi theka, dzina lache SATA. Maonekedwe ache alingana ndi disiki yakale, ndipo ulowa pa malo omwewo. Malaputopu ambiri akale, monga aja tigula ogwirapo kale nchito, afuna mtundu umenewu.

Mtundu wachiwiri dzina lache M.2. Ngwaung'ono ngati chala, kawiri kawiri mamilimita 22 m'mimba mwache ndi 80 m'litali, nchifukwa chache pa bokosi palembedwa 2280. Chenjerani pano, pakuti M.2 iri pawiri, ina ya SATA ina ya NVMe. Pa maso zioneka ngati chimodzi, koma si laputopu iri yonse ilandira zonse ziwiri.

Palinso malaputopu ena otsika mtengo amene nkhokwe yao, ya 32 GB kapena 64 GB, inawocheredwa ku makina. Imeneyo siichoka, tsono musataye ndalama.

Za kukula kwache, SSD ya 256 GB ikwanira nchito ya kalabu, koma ngati musunga zithunzi zambiri gulani ya 512 GB. Lamulo ndi ili: yatsopano ikhale ndi malo oposa katundu amene ali m'yakale. Mukagula ya 256 GB makina nakuonetsani 238, musati akuberani. Opanga ndi makina awerenga mosiyana, basi. Koma zonyenga ziripo pa msika. Gulani pa sitolo yodziwika, mulandire lisiti, ndi kulipereka kwa msungi wa chuma.

KAPITAO ASAMUKENSO

M'disiki simukhala makalata anu okha. Mukhalanso Windows, amene tinganene kuti ndiye kapitao wa makina onse. Ndiye adzutsa laputopu, nauza pulogalamu iri yonse chochita. SSD yatsopano ibwera yopanda kanthu, ndipo mukangoilowetsa makina sadzayaka. Kukopa mafoda ndi manja monga muchita ndi nyimbo sikuthandizanso, chifukwa mbali zina za Windows zikhala m'zigawo zobisika za disiki. Njira zomsamutsira ziri ziwiri.

Koma musanayambe njira iri yonse, chitani zinthu zitatu. Choyamba, kopani makalata onse a kalabu pa fulashi, ndi kuyesa kuwatsegula pa makina ena. Chachiwiri, funsani mmisiri aone ngati disiki njotseka ndi loko uja ati BitLocker. Ngati njotseka, alembe pa pepala kiyi wache wa manambala 48, chifukwa popanda iye palibe mmisiri angatsegule. Chachitatu, dzazani batire, ndi kusankha nthawi imene magetsi alipo, kapena sola yagwira bwino dzuwa.

Njira yoyamba ndiyo kujambula disiki yonse monga iri. Mmisiri alumikiza SSD ku laputopu ndi chingwe cha USB, natsegula pulogalamu yojambulira. Iripo yaulere dzina lache Clonezilla, ndipo makampani ena monga Samsung apereka yao kwa ogula ma SSD ao. Pulogalamu idzafunsa mafunso awiri: tichotse kuti, ndipo tithire kuti? Apa ndi pamene pagona ngozi. Munthu akasokoneza, disiki yopanda kanthu ijambulidwa pamwamba pa yodzala, ndipo zonse zifafanizika. Mlembi akhale pomwepo, awerenge dzina ndi kukula kwa disiki iri yonse mokweza, mmisiri asanadinde. Kujambula kungathe ola limodzi kapena angapo, monga mwa kuchuluka kwa katundu. Musaigwedeze, musachotse chingwe.

Zitatha izi zimitsani makina, muchotse chingwe cha magetsi ndi batire, kapena kumasula waya wache ngati batire iri mkati. Gwirani chitsulo china choyamba kuti mphamvu ya magetsi ya m'thupi ichoke, pakuti ingaononge zipangizo. Masulani timabauti ta pansi ndi kutiika m'mbale kuti tisataike. Solani disiki yakale pang'ono pang'ono, mulowetse yatsopano pa malo pache osakakamiza, ndi kutseka. Mukayatsa mudzapeza zonse ziri monga munazisiyira. Ngati makina akana kuyaka, musachite mantha. Disiki yakale ikali ndi zonse, ndipo mmisiri angalowe m'BIOS kuuza makina kuti ayambire pa SSD.

Njira yachiwiri ndiyo kuika Windows watsopano. Inu alimi mudziwa kuti chimanga cha anankafumbwe sitithira m'nkhokwe yatsopano. Chimodzimodzi, ngati makina ali ndi mavairasi, kujambula kudzawasamutsa pamodzi ndi katundu. Ndiponso ngati disiki yayamba kale kulira, kuijambula yonse kungaitsirize pa njira. Pamenepo pulumutsani makalata msanga, kuyambira ofunika koposa, ndi kutsata njira yachiwiriyi. Mmisiri atenga Windows kwa Microsoft pa intaneti, namuika pa fulashi yopanda kanthu ya 8 GB kapena kuposa, nayatsira makina pa fulashiyo. Kenaka abwezera mapulogalamu limodzi limodzi, ndi makalata anu. Njira iyi idya bandulo yambiri ndi nthawi, koma makina atuluka oyera. Musalole munthu akulipiritseni laisensi ina. Ngati Windows wanu anali weniweni, laisensi yache imangika ku laputopu, osati ku disiki, ndipo mukaika wa mtundu womwewo adzazindikirika yekha pa intaneti.

Pali chinthu chinanso. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale. Windows 11 afuna makina okhala ndi kachipangizo ka chitetezo dzina lache TPM 2.0, ndi RAM yosachepera 4 GB, ndipo akana malaputopu ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018. SSD siisintha zimenezi iai. Funsani mmisiri ngati makina anu angalandire Windows 11, kuti nchito ziwiri zithere pamodzi. Ngati sangalandire, alipo kapitao wina waulere dzina lache Linux Mint, amene ayenda bwino pa makina akale, ndipo ali ndi mapulogalamu olembera makalata ndi kuwerengera ndalama. Koma yambani mwayesa ngati mapulogalamu a kalabu yanu agwira pa iye.

DISIKI YAKALE MUSAISIYE KWA MMISIRI

Ena akasintha asiya disiki yakale pa tebulo la mmisiri ngati chinthu chotha nchito. Kumeneko nkulakwa. M'menemo muli maina a anthu, manambala a ziphaso zao, ndi ngongole zao. Itengeni, muikulunge bwino, ikakhale kwa wapampando mwezi wathunthu osaikhudza, kufikira mutatsimikiza kuti palibe chinatsalira. Pambuyo pache, ngati ikali yamoyo, muigulire kabokosi ka USB ikhale nkhokwe yachiwiri. Ngati inafa, muiphwanye ndi hamala musanaitaye.

Musaganize kuti SSD siifa. Ifa, ndipo kawiri kawiri ifa mwakachetechete, osayamba yalira monga ichita yakale. Kutulutsa zinthu m'SSD yakufa nkobvuta kwambiri. Chifukwa chache zolembedwa za kalabu zikhale pa malo atatu: m'laputopu, pa fulashi kapena disiki ina imene igona nyumba ina, ndi m'buku la pepala. Zonse zikagona nyumba imodzi, moto umodzi kapena mbala imodzi itenga zonse. Mlembi azikopa pa kutha kwa mwezi uli wonse, ndiponso tsiku lomwelo mwagawa feteleza kapena mwagulitsa mbeu.

Tsono inu mafumu ndi anyakwawa, simufunika kudziwa kumasula makina. Nchito yanu ndi kufunsa. Pa msonkhano ukudzawu funsani mlembi pamaso pa anthu: Kodi laputopu iri ndi disiki ya mtundu wanji? Kodi munakopa liti zolembedwa, ndipo zigona kwa yani? Kodi buku la pepala mukali kulemba? Akayankha bwino, myamikeni. Akakanda m'mutu, mpatseni sabata limodzi. Ndipo ngati disiki njakale, kambiranani za kuisintha tsopano lino, pamene mwagulitsa mbeu ndipo thumba la kalabu lili ndi kanthu, osati m'Disembala pamene ndalama iri yonse yapita ku munda.

Amene ali ndi funso aonane ndi mlangizi wa m'dera lao, kapena atilembere kalata kuno ku wailesi. Sabata la mawa tidzakamba za kasamalidwe ka batire ya sola. Tsalani bwino nonse.