Asidi sasiyanitsa dzimbiri ndi dzanja

Okutobala akangolowa, shedi yanga yowotcherera zitsulo pa boma la Ntcheu imadzaza. Mvula ili pafupi, ndiye aliyense wakumbukira khasu lomwe analiponya kuseri kwa nkhokwe atamaliza kukolola. Ena amatsika ku Tsangano ndi mapulawo, ena amachokera ku Bwanje ndi matcheni a ngolo, zonse zili psuu ndi dzimbiri. Funso limakhala lomwe lija: "Amisiri, mulibe timadzi ta batire pang'ono?"

Ndilibe, ndipo ndikanakhala nato sindikanapereka.

Dzimbiri si matenda achilendo ofuna mankhwala aukali. Chitsulo chikakumana ndi madzi komanso mpweya, khungu lake lapamwamba limasanduka fumbi lofiira lija, basi. Pa khasu kapena nkhwangwa, nthawi zambiri dzimbirilo silinalowe n'komwe. Kalimireni mizere khumi pa dothi lamchenga, mudzaona khasu likuwala lokha.

Madzi a m'batire la galimoto kapena la sola ndi asidi wa sulfuric, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, kwinako n'kukhala madzi. Amadyadi dzimbiri, koma akalimaliza saima. Amapitirira kudya chitsulo chabwinocho, n'kusiya timaenje ngati nkhope ya wodwala nthomba. Thovu lomwe mumaliona likutumphuka m'beseni ndi mpweya wa hydrogen, womwe umayaka ukangokumana ndi moto, pomwe mwina mbaula ili pambali pomwepo. Mpweya womwewo umalowerera m'chitsulo cholimba monga cha chikwanje kapena sipuling'i, n'kuchisiya chosachedwa kuthyoka. Ndipo ngati batirelo ndi lakale, m'madzi mwake muli mtovu. Mukakhuthulira pabwalo pomwe nkhuku zimapalasa ndi ana amaseweretsa dothi, mtovuwo suchoka.

Izi sindinaziphunzire m'kalasi mokha. Ndili mnyamata wophunzira ntchito, bwana wanga anandituma kuti ndiyeretse masipanala akale. Ndinawanyika m'madzi a batire, ndipo poti ntchito inkachedwa, ndinati ndiwonjezere mphamvu. Pakona panali botolo la mankhwala oyeretsera zovala, aja a bulitchi. Ndinathira pang'ono chabe. Sipanathe mphindi, kukhosi kunayamba kuwotcha ngati ndameza tsabola wa kambuzi, misozi ili chuchuchu, chifuwa chili chothina. Ndinatuluka chokwawa. Pambuyo pake ndinamva kuti ndinapanga mpweya wa chlorine, womwe asilikali a Germany anaphera nawo anthu ku Ypres, m'dziko la Belgium, mu 1915. Ine ndinaupangira m'kachipinda kopanda zenera.

Buluku lomwe ndinavala tsikulo linkaoneka labwinobwino. Amayi atalichapa, linatuluka lili mabowo okhaokha ngati sefa. Timadontho tomwe sindinatione n'komwe tinali titadya ulusi. Ndimaganizabe kuti kadontho kamodzi kakanagwera m'diso bwenzi lero ndikuwotcherera ndi diso limodzi.

Palinso mankhwala ena awiri omwe anthu amabwera nawo. Asidi wa hydrochloric, uja amatsukira zimbudzi ndi njerwa, amafuka yekha ngakhale osamusakaniza ndi kanthu. Utsi wakewo umachititsa dzimbiri zida zonse zomwe zili m'chipindamo, ndiye mwayeretsa sipanala imodzi, mwaononga bokosi lonse. Winayo ndi kositiki soda, wopangira sopo. Ameneyu amachotsa girisi ndi penti, koma dzimbiri salikhudza kwenikweni. Choopsa chake n'chakuti sapweteka msanga. Zala zimangoterera ngati mwagwira therere, osadziwa kuti kutererako ndi khungu lanu lomwe likusungunuka. Mukamuika m'poto wa aluminiyamu, potoyo amabooka.

Nanga ife timatani? Zambiri timangopala: burashi ya waya, sandipepa, tupa, ngakhale chidutswa cha njerwa yowotcha ndi mchenga wonyowa. Pa zinthu zokhala ndi makwinya monga tcheni kapena bawuti, viniga wa m'golosale amakwana. Asidi wake ndi wofooka, pafupifupi magawo 5 pa 100. Nyikani madzulo, mudzakweche m'mawa. Madzi a mandimu kapena a bwemba amagwiranso ntchito yomweyo, kungoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukavuula, tsukuluzani m'madzi a soda wophikira kapena a chidulo kuti asidi wotsalayo afe, umitsani padzuwa nthawi yomweyo, n'kupaka oyilo. Mukazengereza, pofika masana dzimbiri labwerera.

Ngozi ikachitika, mankhwala oyamba ndi madzi. Osati ufa, osati dzira, osati mankhwala otsukira mano kapena mafuta ophikira. Vulani chovala chomwe chanyowa, thirani madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 20. Likakhala diso, wina alikanule, madzi azidutsa osalowa m'diso linalo. Kenako ndiye thamangirani kuchipatala. Kuchokera ku Tsangano kapena ku Kasinje kukafika kuchipatala chachikulu pa boma ndi ulendo, ndipo asidi sadikira njinga yamoto. Mwana akamwa, musamusanzitse, chifukwa asidiyo amawotcha polowa, n'kuwotchanso potuluka.

Ambiri amaopanso dzimbiri poganiza kuti ndilo limayambitsa kafumbata. Ayi. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe. Khasu lowala ngati kalilole likakutemani m'munda wothira manyowa, pitani mukabayitse katemera chimodzimodzi.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri si m'shedi muno ayi, koma kunyumba kwanu. Asidi wa batire ndi woyera mbee ngati madzi akumwa, ndipo wogula pang'ono amamuthirira m'botolo la zakumwa lopanda chizindikiro. Botololo limakakhala pansi pa bedi kapena pawindo, m'mwezi wa Okutobala wa dzuwa loswa mtengo, ana akubwera kusukulu kukhosi kuli gwa. Ngati muli nalo botolo lotere, musadikire mawa. Litsekeni bwino, lilembeni, muliike pomwe mwana sangafike, kapena mukalibweze kwa okonza mabatire. Khasulo bwerani nalo kuno, sandipepa ilipo.