Za Ulendo wa pa Njanji Wonka ku Bagamoyo

Alipo ena mwa inu amene alakalaka kukaona Bagamoyo m'dziko la Tanzania, kumene Ansembe a Mzimu Woyera anakhazika mishoni m'chaka cha 1868. Waumphawi angathe kufikako pa njanji ya TAZARA, imene inatha kumangidwa mu 1975. Njanjiyo ichokera ku Kapiri Mposhi m'Zambia, nidutsa malire pa Nakonde ndi Tunduma, nifika ku Dar es Salaam, mtunda wa makilomita 1,860. Potsika apo patsala kaulendo ka galimoto.

Mau athu ndi awa: woyenda yekha asawerenge mtengo wa tikiti wokha, awerengenso masiku. Ulendowo ngwogona panjira kawiri, koma sitima ichedwa kawirikawiri, ndipo tsiku loonjezeka lifuna chakudya chache. Yambani mwafunsa tsiku limene sitima inyamuka. Tengani kamba wa mtedza wokazinga ndi madzi akumwa. Pa malire sinthani makwacha ndi mashilingi. Pasipoti isachoke pathupi panu, ndipo ndalama yobwerera muimange payokha, pakuti mlendo woisowa alibe mbale womuombola. Musananyamuke, kalapeni, nimupemphe kalata ndi dalitso kwa Bambo Mfumu.