Ngolo ya njinga yokhala ndi denga: m'mene mungaikhomere panokha

Mlimi wa kudimba amene amagulitsa masamba ndi matimati mu mzinda wa Mzuzu amadziwa kuti kulima ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kufikitsa katundu kumsika asanaphwanyike, asanafote ndiponso asananyowe. Kuno mvula sithera mu Malichi ngati kumwera. Imapitirira mpaka Epulo ndi Meyi, ndipo mu Juni ndi Julayi kumabweranso mvula yowaza ija yosatha. Amene amanyamuka ku Katawa m'mamawa ndi dengu pamutu kapena pa kaliyala wa njinga amafika kumsika matimati apansi atasanduka msuzi. Kubwereka galimoto nako, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kumadya phindu lonse la dengulo.

Ndiye lero tikambirane za ngolo yaing'ono yokokedwa ndi njinga, ya denga lokhota, imene mmisiri wowotcherera ndi kalipentala wa kwanu konko angathe kukhoma. Maonekedwe ake tawabwereka kutali.

Kumene nzeruyi inachokera

Ku America, cha m'ma 1930, anthu anayamba kudzikhomera timangolo togonamo tokokedwa ndi galimoto popita kokayenda. Anatitcha teardrop, kutanthauza dontho la msozi, popeza ukatiyang'ana cham'mbali n'tozungulira kutsogolo, n'kumka titsongoka kumbuyo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945 timangoloti tinachuluka zedi chifukwa zitsulo ndi matayala otsala kunkhondo zinkapezeka motchipa, ndipo magazini a amisiri ankasindikiza mapulani ake. Kukula kwake kunkatsatira pepala limodzi la pulayiwudi, mapazi 4 m'lifupi ndi mapazi 8 m'litali. M'kati munkakwana matiresi a anthu awiri, ndipo kumbuyo kunali chivindikiro chotsekukira m'mwamba chimene pansi pake ankaphikirapo.

Azunguwo anasankha maonekedwe a msozi kuti ngolo izidula mphepo galimoto ikamathamanga. Kwa ife a njinga, oyenda makilomita 10 kapena 15 pa ola, za mphepozo n'zazing'ono, ndipo wina asakunamizeni kuti ngolo yotere imadzikoka yokha. Phindu lake kwa ife lili pena. Denga lokhota silisunga madzi. Lata lopyapyala likakhotetsedwa limalimba popanda kuwonjezera zitsulo, monga m'mene tsamba la nthochi limalimbira mukalipinda. Ndipo chivindikiro chakumbuyo chija, chimene eni ake ankaphikira pansi pake, kwa ife chimasanduka mthunzi wa katundu pogulitsa.

Kukoka ngolo ndi njinga si chachilendo m'Malawi muno. Ambulansi za njinga zimene zili m'midzi yambiri ndi ngolo zomwezi, ndipo zimanyamula munthu wamkulu ali chigonere. Bungwe la ku Britain la Intermediate Technology, limene tsopano limatchedwa Practical Action, linakonza mapulani a ngolo za njinga zotha kusenza mpaka makilogalamu 200 pamalo athyathyathya. Koma Mzuzu si wathyathyathya, ndipo nkhani ya zitunda tiibwerera.

Chimango ndi magudumu

Yambani ndi pepala limodzi la pulayiwudi la mamilimita 6. Limakhala masentimita 244 m'litali ndi 122 m'lifupi, ndipo limalemera makilogalamu pafupifupi 10. Mukalidula panayi mupeza zidutswa za masentimita 122 ndi 61. Chimodzi ndi cha pansi, ziwiri n'za m'mbali, chotsalacho n'cha mashelefu. Muyeso wa ngolo yonse uchokere pamenepa kuti pasatayike kanthu.

Chimango chikhale cha zitsulo za square tube za mamilimita 25. Mita imodzi ya chitsulo chotere imalemera kupitirira pang'ono kilogalamu imodzi, ndipo ngolo yonse imafuna mamita 8 kapena 9, ndiye kuti mugule ziwiri popeza zimagulitsidwa za mamita 6. Angle iron nayo imagwira ntchito ndipo ndiyosavuta kuwotcherera, koma imapotoka msanga ngolo ikamayenda m'mabampu. Mmisiri awotcherere chimango cha masentimita 122 ndi 61, n'kuikamo mitanda itatu yochirikiza pulayiwudi wapansi.

Pa magudumu ndi pamene ambiri amalakwira. Gudumu la njinga linapangidwa kuti lizipendekeka pamodzi ndi njinga pokhota, kotero kuti kulemera kumatsika molunjika m'masipoko. Gudumu la ngolo silipendekeka. Pokhota katundu amalikankha cham'mbali, ndipo limu lalikulu la mainchesi 28 limapindika ngati nambala 8. N'chifukwa chake magudumu ang'onoang'ono a mainchesi 20, a njinga za BMX zija, ndi abwino kuposa aakulu: masipoko ake ndi aafupi ndipo amatsitsa ngolo pafupi ndi nthaka. Ngati opezeka ndi a mainchesi 28 okha, tengani akumbuyo a masipoko 40, ndipo pansi pa ngolo papachikidwe m'munsi mwa ekiselo.

Gudumu lililonse ligwiridwe mbali zonse ziwiri monga m'mene foloko imagwirira. Ekiselo ya njinga ndi yowonda; mukaigwira mbali imodzi yokha ikhota sabata isanathe. Choncho kunja kwa gudumu kudutse chitsulo china cholumikizidwa ku chimango kutsogolo ndi kumbuyo. Chitsulo chimenechi chimatetezanso masipoko ku zitsa ndi miyala ya m'mbali mwa njira. Ngolo yonse idzakhala pafupifupi masentimita 90 m'lifupi, ndiye yambani mwayeza chipata cha mpanda wanu ndi timilatho ta matabwa ta kudimba.

Magudumu asakhale pakati penipeni. Pakati pa bokosi ndi pa masentimita 61. Ekiselo ikhale pa 68 kapena 70 kuchokera kutsogolo. Mukatero kulemera pang'ono kumatsamira pa njinga ndipo tayala lakumbuyo limagwira nthaka. Magudumu akakhala kutsogolo kwambiri ngolo imanyamula njinga kumbuyo, ndipo potsetsereka imayamba kugwedeza mchira mpaka kukugwetsani. Kuyesa kwake n'kosavuta: pakirani katundu, nyamulani mkono wokokera ndi dzanja limodzi. Uzilemera makilogalamu 5 mpaka 10, ngati theka la ndowa ya madzi kapena kucheperapo.

Polumikizira

Mkono wokokera uchoke kutsogolo kwa chimango, ukwere m'mwamba, upite pamwamba pa kaliyala n'kukafika pansi pa chishalo. Pakati pa mkono ndi tayala pakhale mpata wokwanira kuti njinga ikalowa m'dzenje zisakhudzane. Pamene mkono wakhotera awotchererepo kachitsulo kochirikiza chifukwa ndi pomwe pamathyokera.

Polumikizira penipenipo payenera kuyenda njira zitatu: kumanja ndi kumanzere pokhota, m'mwamba ndi pansi pa mabampu, ndiponso kupotoloka njinga ikapendekeka. Bawuti imodzi yolowetsa m'bowo imangolola njira imodzi, ndipo njinga ikagwa ngolo imagudubuzika nayo limodzi kapena mpini wa chishalo umathyoka. Njira yotchipa ndi kudula lamba wa tayala lakale la galimoto, wa masentimita 4 kapena 5 m'lifupi, kumukulunga pa mpini wa chishalo n'kumumanga ku mkono ndi mabawuti awiri ndi mawashala aakulu. Lamba wotere amapindika mbali zonse ndipo salira. Yolimba koposa ndi ball joint yakale ya chiwongolero cha galimoto, imene amakaniko amataya. Mulimonsemo onjezerani katcheni kapena chingwe cholimba chomangirira ngolo ku fulemu ya njinga, kuti polumikizira pakaduka ngolo isabwerere yokha kumtsetse kumene kuli ana a sukulu.

Kukhoma bokosi

Musanagule pulayiwudi funsani ngati guluu wake ndi wopirira madzi. Pulayiwudi wambiri wogulitsidwa kuno amachokera ku Chikangawa, m'nkhalango ya Viphya, ndipo alipo wa mitundumitundu; wina ndi wa siling'i ndi makabati a m'nyumba basi. Pemphani kachidutswa, kakawiritseni m'madzi kwa ola limodzi kapena awiri. Kakasendeka, ameneyo sangathe dzinja limodzi la Mzuzu.

Pojambula msozi uja simufunika kampasi. Khomani timisomali pa pulayiwudi, pindani kansungwi kong'ambidwa motsatira misomaliyo, n'kulemba ndi pensulo. Pamwamba penipeni pakhale pa gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera kutsogolo, ndipo kumbuyo kutsike mpaka masentimita 20 kapena 25, kusasongoke kotheratu chifukwa mungataye malo. Phatikizani zidutswa ziwirizo n'kuzicheka pamodzi kuti zifanane. Zimangeni ku chimango ndi mabawuti, osati misomali. Kenaka lumikizani mbali ziwirizo ndi timatabwa ta paini topingasa, totalikirana masentimita 20, motsatira kukhota kwa denga.

Denga likhale la lata lathyathyathya lopyapyala, longa lija amakhomera ndowa ndi mbaula. Yambani kukhoma pansi kutsogolo, muzipinda pang'onopang'ono kumka m'mwamba. Mphepete mwa lata mupindike masentimita awiri kuphimba m'mphepete mwa pulayiwudi, popeza m'mphepetemo ndi m'mene pulayiwudi amamwera madzi. Theka lakumbuyo la denga ndilo chivindikiro. Pa mahinjesi khomanipo chidutswa cha chubu chakale, apo ayi madzi adzalowera pomwepo n'kudonthera pa katundu.

Pali chinthu china chimene alimi a masamba asachiiwale. Masamba ndi matimati amapumabe atathyoledwa, ndipo amatulutsa kutentha ndi chinyezi. Bokosi la lata lotsekeka likakhala padzuwa la Okutobala limasanduka uvuni. Repu ndi mpiru zimachita chikasu tsiku lomwelo. Bowolani mabowo anayi kapena asanu m'mbali zonse, m'mwamba ndi m'munsi, muwatchinge ndi sefa wa mawindo, ndipo denga mulipake penti yoyera. Matimati musawaunjike kupitirira kutalika kwa chikhatho ndi zala. Ikani shelefu kuti apamwamba asatsamire apansi, chifukwa kumeneku ndiko kupambana kwa ngolo pa dengu. Amene amapereka mkaka ku malo oziziritsira amange zitini ndi lamba pamwamba penipeni pa ekiselo, ndipo zikhale zodzaza, popeza chitini chosadzaza chimakhuvula n'kumagwedeza ngolo.

Zitunda ndi mabuleki

Ngolo yotere ikatha imalemera makilogalamu pafupifupi 30. Tiyeni tiwerengere. Wopalasa wa makilogalamu 65, njinga ya 20, ngolo ya 30 ndi katundu wa 100, zonse pamodzi ndi 215. Pa chitunda chokwera mita imodzi pa mamita 20 alionse, kulemeraku kumakukokerani m'mbuyo ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 11, pamene wa njinga yopanda kanthu amalimbana ndi 4 okha. Chitunda chikakhala cha mita imodzi pa mamita 10, mphamvuyo imapitirira 21, ndipo apo palibe kuchitira mwina koma kutsika n'kumakankha. Chimene chimathandiza ndi kusintha sipuloketi yakumbuyo n'kuika ya mano 22 m'malo mwa ya 18 kapena 20. Mudzayenda pang'onopang'ono koma mawondo adzapuma.

Kukwera n'kotopetsa chabe, choopsa ndi kutsika. Mphamvu yomweyo imakukankhani kuchokera kumbuyo, ndipo mabuleki a njinga zathu zakuda sagwira bwino limu likanyowa. Ine malangizo anga ndi akuti mu Mzuzu musapitirire makilogalamu 80 nthawi ya mvula, ndi 100 m'chilimwe. Ena adzati kaliyala wa njinga ya Buffalo amaloledwa kusenza makilogalamu 100, nanga ngolo n'njachiyani? Zoonadi amasenza, ndipo pa matumba awiri a chimanga kapena feteleza kaliyalayo ndi wokwanira. Ngoloyi ndi ya katundu wotenga malo ndi wosachedwa kuphwanyika. Pa mitsetse yaitali yonga ya msewu wa ku Nkhata Bay musayerekeze n'komwe kutsika nayo yodzaza muli pachishalo.

Kumbuyo kwa ngolo kukhale zonyezimira zofiira ziwiri, chifukwa ulendo wa kumsika umayamba kusanache ndipo nkhungu ya Mzuzu imabisa ngakhale ng'ombe. Amene akuganiza zoikoka ndi njinga yamoto adziwe kuti magudumu a njinga yopalasa sangapirire liwiro limenelo, komanso ngolo yokokedwa ndi chinthu cha injini ili ndi malamulo ake a pamsewu. Ayambe wakafunsa ku ofesi ya Road Traffic.

Nanga yogonamo?

Ena afunsa ngati sangakhome yaitali mamita awiri kuti mlonda wa kudimba kapena wodikira msika azigonamo monga ankachitira ku America. N'zotheka, koma kulemera kwake kumawirikiza, ndipo imeneyo ndi ya abulu kapena ng'ombe, kapena yongokankha ndi manja kuchoka pa dimba ili kupita pa lina. Mukaikhoma, mbaula isalowemo ngakhale kuzizire bwanji mu Julayi. Makala oyaka m'kachipinda kotsekeka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosanunkha ndi wosaoneka, umene umapha munthu ali m'tulo.

Ngolo ikayamba ntchito, sabata yoyamba muzimanga mabawuti ndi masipoko madzulo alionse popeza zatsopano zimakhwefuka. Pambuyo pake kamodzi pamwezi n'kokwanira, ndi girisi m'mahabu mvula isanayambe ndiponso ikatha. Lamba wa polumikizira akayamba ming'alu pafupi ndi mabawuti, dulani wina tsiku lomwelo.