Chipembedzo m'nkhani za zozizwitsa ndi za m'tsogolo

Ophunzira ambiri a ku Balaka anayamba kukumana ndi nkhani za zozizwitsa asanatsegule buku lililonse. Anaziona m'nyumba zoonetseramo mavidiyo pafupi ndi msika, m'mafilimu a ku Nigeria aja: mfiti yasanduka njoka, sing'anga akubwebweta, kenaka m'busa watulukira ndi Baibulo ndipo zonse zatha. Tsono mphunzitsi akabweretsa nthano yokhala ndi mbalame yoyankhula kapena dziko la zaka 500 zikubwerazo, ena amangoti, "Izi n'zausatana," pamene ena amati, "N'zabodza basi." Mayankho awiri onsewa sangakupatseni malikisi pa mayeso a MSCE, ndiponso Mkhristu woganiza bwino sangakhutire nawo.

Nkhani za zozizwitsa ndi zimene muli zinthu zosachitika m'moyo wa tsiku ndi tsiku monga nyama zoyankhula, mizimu yooneka ndi maso ndi matsenga. Nkhani za sayansi kapena za m'tsogolo zimayerekeza dziko losinthidwa ndi makina, maulendo a kumwamba ndi nzeru zatsopano. Mlembi wa nkhani zotere amachita kuumba yekha malo ochitikira nkhani. Poumbapo amasankha ngati m'dzikomo mukhale Mulungu kapena ayi, ndiponso amene agwire mphamvu zoposa za munthu. Apa ndi pamene maganizo ake pa chipembedzo amaonekera.

Tiyambire kwathu konkuno. M'buku la J. W. Gwengwe la Sikusinja ndi Gwenembe, Gwenembe akupha mbale wake chifukwa cha kaduka ndi chuma, poganiza kuti palibe wamuona. Koma mbalame ikuimba ndi kuulula mlanduwo. Mbalame siingachite umboni, tonse tikudziwa. Nanga mlembi waiikiranji? Waiika kuti ikhale chiphiphiritso cha chilungamo chimene munthu sangachikwirire. Wowerenga Baibulo akumbukira msanga Genesis 4, pamene Kaini akupha Abele kumunda, ndipo mwazi wa wophedwayo ukumveka kwa Mulungu. Nthanoyi ndi ya makolo, komabe mfundo yake yaikulu Mkhristu sangaikane. Paja m'Baibulo momwemo muli nkhani yophiphiritsa ya Yotamu, pa Oweruza 9, m'mene mitengo ikufuna kudzoza mfumu. Palibe amati Yotamu ananama. Anagwiritsa ntchito luso la umunthu pofuna kudzudzula Abimeleki.

Nkhani imavutirapo tikafika pa Steve Chimombo, amene anamwalira mu 2015. Iye analemba kwambiri za Napolo, chinjoka chimene anthu amati chimakhala pansi pa phiri ndipo chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kusefukiza madzi. Dzinali linamveka pa ngozi ya ku Zomba mu 1946 komanso ya ku Phalombe mu 1991. Sewero lake la The Rainmaker (1978) likukamba za M'bona, wa kachisi wa ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Kodi Chimombo amatiuza kuti tipembedze Napolo? Ayi. Ndakatulo zambiri za Napolo zinalembedwa m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene kudzudzula boma poyera kunali kudziputira ndende. Owerenga ambiri amaona Napolo ngati chiphiphiritso cha mphamvu yoononga mosasankha, imene anthu amaiopa ngakhale kuitchula. Wophunzira amene aima pa njoka yokhayo wataya theka la ndakatulo.

Alembi a kunja nawo anayenda njira zosiyanasiyana. C. S. Lewis, Mkhristu wa mpingo wa Anglican, anatulutsa The Lion, the Witch and the Wardrobe mu 1950. M'menemo mkango Aslan ukudzipereka kufa m'malo mwa mnyamata Edmund amene anapereka abale ake, kenaka ukuuka. Ngakhale mwana wa Sande sukulu angazindikire kuti apa pakuphiphiritsidwa Khristu. Mnzake J. R. R. Tolkien, Mkatolika, anachita mwina. Mu The Lord of the Rings (1954 mpaka 1955) mulibe tchalitchi, mulibe wansembe, ndipo mungawerenge masamba mazana osapeza wina akupemphera. Chikhristu chake chili m'tsatanetsatane wa nkhani. Mphete ya mphamvu imaipitsa aliyense woikhumba, wonyamula katundu wolemerayo ndi Frodo, kamunthu konyozeka, ndipo dziko likupulumuka chifukwa cha chifundo chimene ena anachitira Gollum pamene akanatha kumupha. Ine ndimaona kuti njira ya Tolkien ndi yakuya kuposa ya mafilimu aja, chifukwa m'mafilimu choipa chimakhala mwa mfiti ya kutsidya, pamene kwa Tolkien chiyeso chili mumtima mwa mwininkhani.

Si onse amakomera chipembedzo. Philip Pullman, m'mabuku atatu a His Dark Materials (1995 mpaka 2000), akuonetsa bungwe la chipembedzo lotchedwa Magisterium ngati lopondereza ndi lozunza ana. Frank Herbert mu Dune (1965) akuonetsa gulu la amayi lofesa maulosi dala pakati pa mitundu ya anthu kuti lidzawagwiritse ntchito m'tsogolo. Ndiye kuti chipembedzo pamenepa ndi chida cha ndale. Mkhristu sagwirizana ndi maganizo akuti chikhulupiriro chonse ndi chopeka. Koma asathamangire kutseka buku. Kodi sitinaonepo aneneri odyera anthu masuku pamutu, ogulitsa madzi ndi mafuta kwa odwala? Yesu mwini anachenjeza za aneneri onyenga pa Mateyu 7. Mlembi wosakhulupirira nthawi zina amaloza chilonda chenicheni, ngakhale mankhwala amene akupereka sitingawalandire.

Amalawi nawonso alowa m'bwaloli. Shadreck Chikoti anatulutsa Azotus, the Kingdom mu 2015, nthano yaitali ya Africa wa zaka mazana zikubwerazo, kumene anthu akusamalidwa ndi makina koma ufulu alibe. Funso lake ndi lomwe lija la m'munda wa Edene: kodi munthu wopatsidwa zonse koma wosaloledwa kusankha akadali munthu?

Pali chinthu chimodzi chimene Mkhristu sachisewera. Deuteronomo 18 akuletsa kuombeza, kubwebweta ndi kufunsira kwa akufa. Lamuloli likunena za kuchita zinthuzo. Kuwerenga za mfiti si ufiti, monganso kuwerenga za Gwenembe si kupha munthu. Choyenera kufunsa ndi ichi: nkhaniyi ikuonetsa matsenga ngati njira yachidule yopezera chuma popanda chotsatira, kapena ikuonetsa mtengo wake wowawa? Wopambana pamapeto wapambana chifukwa cha chithumwa chachikulu, kapena chifukwa cha kudzipereka?

Pa mayeso samalani zinthu zitatu zimene ophunzira amazisokoneza: zimene mpangankhani amakhulupirira, zimene mlembi akufuna kuonetsa, ndi zimene inuyo mumakhulupirira. Funso likati, "Fotokozani mfundo ya chipembedzo m'nkhaniyi," wochonga akufuna ziwiri zoyambazo, ndi umboni wochokera m'nkhanimo. Ulaliki usiyeni wa Lamulungu. Kumbukiraninso kuti m'makalasi a ku Balaka ndi Machinga mumakhala Akhristu ndi Asilamu pa desiki imodzi, ndipo wochonga pepala lanu simukumudziwa. Yankho lozikidwa pa zochitika m'buku limaima pamaso pa aliyense.

Yesani izi ndi mnzanu: sankhani nthano imodzi imene agogo anakusimbirani yokhala ndi chozizwitsa. Lembani ndime imodzi yofotokoza amene ali ndi mphamvu yodabwitsayo, kumene anaitenga, ndi zimene zinamuchitikira ataigwiritsa ntchito. Kenaka chotsanimo chozizwitsacho, muisimbenso, muone ngati mfundo ya nkhaniyo yatsala.